Wansembe, Wofufuza Milandu, Mkango ndi Msilikali pa Shelefu Imodzi

M'malaibulale ndi m'masitolo ogulitsa mabuku, mabuku a chikhulupiriro chachikhristu amaikidwa paokha, nkhani zofufuza milandu paokha, nthano za maiko ongopeka paokha, ndipo mbiri ya nkhondo imakhala ku ngodya ina. Kasanjidwe kameneka kamathandiza wogulitsa, koma owerenga ambiri sakalabadira. Amene dzulo anagona mochedwa pofuna kudziwa yemwe wapha mwini nyumba ndi yemweyo amene lero akuwerenga za pemphero, mawa n'kupezeka ali m'dziko la zinjoka zolavula moto. Amati mapanga awiri avumbwitsa, koma pa mabuku awa mwambiwu sugwira, ndipo chifukwa chake chili m'mbiri. Ambiri mwa mabuku otchuka a mitundu imeneyi m'Chingerezi analembedwa ku Britain pakati pa 1908 ndi 1955 ndi kagulu ka anthu odziwana, owerengerana zolemba, amene pafupifupi onse nkhondo inawasiyira chipsera.

Woyenera kuyambira ndi G. K. Chesterton, mtolankhani wa ku London. Mu 1908 anatulutsa Orthodoxy, buku loikira kumbuyo chikhristu, ndipo patangopita zaka ziwiri anayamba kulemba nkhani zazifupi za Father Brown, wansembe wamfupi wa Katolika, wooneka ngati wopepera, woyenda ndi ambulera yachabechabe. Nkhanizi zinafika pa zopitirira 50. Sherlock Holmes, amene anatchuka kale iye asanabwere, ankagwira wolakwa poyang'ana phulusa la fodya ndi mapazi a nsapato. Father Brown amamugwira chifukwa wakhala zaka zambiri akumvetsera anthu akulapa machimo awo, choncho amadziwa njira imene mtima umatsata pofika poba kapena kupha, ndipo amavomereza kuti mtima wake womwe ungathe kuitsata. Akamupeza wolakwayo, chimene amafuna kwenikweni n'kuti alape. Za apolisi zimabwera pambuyo. Chesterton anamupanga potengera mnzake weniweni, wansembe John O'Connor wa ku Yorkshire, amene mu 1922 anadzalandira Chesterton mu mpingo wa Katolika.

Wina angaganize kuti wansembe wofufuza milandu adzathamangira zozizwitsa. N'zosiyana ndi zimenezo. M'nkhani zambiri anthu ena onse amakhulupirira kuti pali tsoka la makolo kapena mzukwa, ndipo Father Brown yekha ndi amene amaumirira kuti pali munthu wamoyo amene wachita. M'nkhani yoyamba yeniyeni amazindikira mbala yovala mkanjo wa unsembe chifukwa mbalayo ikunyoza nzeru za kulingalira, zimene wansembe wophunzira bwino sangachite.

Mfundo yomweyi inalembedwa ngati lamulo ndi wansembe weniweni, Ronald Knox, amene ankalemba nkhani zofufuza milandu ali mlangizi wa ophunzira achikatolika ku Oxford, ndipo pambuyo pake anamasulira Baibulo lonse m'Chingerezi kuchokera ku Chilatini. Mu 1929 anasindikiza malamulo khumi, mwanthabwala koma osati mwachibwana. Wolakwa azikhala munthu amene watchulidwa kumayambiriro kwa nkhani. Mizimu ndi matsenga zisalowemo. Chipinda chobisika chisapitirire chimodzi. Wofufuzayo asakhale wakupha, ndipo chizindikiro chilichonse chimene wapeza achionetse kwa wowerenga. Mapasa asatulukire mwadzidzidzi kumapeto. Pamenepa ndi pamene pagona kukoma kwa mabuku a mtunduwu: ndi masewera a anthu awiri, wolemba ndi wowerenga, ndipo wolemba wabwino amaika zonse poyera koma wowerenga n'kuyang'anabe kolakwika. Mu 1930 olemba oterewa anakhazikitsa bungwe la Detection Club, ndipo mtsogoleri wake woyamba anali Chesterton.

Mmodzi mwa oyambitsa bungweli, Dorothy L. Sayers, anali mwana wa mbusa wa Anglican, ndipo ndi mwa iye mmene mitundu ya mabukuyi imalukana kwambiri. Wofufuza wake, Lord Peter Wimsey, anaonekera koyamba mu 1923 m'buku la Whose Body? Ndi munthu wolemera, wolongolola, wokonda vinyo ndi mabuku akale. Koma anali mkulu wa asilikali pa Nkhondo Yoyamba ya Padziko Lonse, bomba linamukwirirapo ndi dothi, ndipo maloto oopsa amamubwererabe. Wantchito wake Bunter anali sajeni wake ku nkhondoko. Sayers sanalole kuti kugwidwa kwa wakupha kukhale chisangalalo chokha. Masiku amenewo ku Britain wopezeka ndi mlandu wakupha ankanyongedwa, ndipo Wimsey amadziwa kuti nzeru zake ndi zimene zamutumiza munthu ku chingwe. M'buku lomaliza, Busman's Honeymoon la 1937, m'bandakucha wa tsiku lonyonga wolakwa, iye amalira. Mlandu suwola, n'zoona, koma Sayers amaonetsa kuti woufukula naye umamupweteka. The Nine Tailors la 1934 lonse likuzungulira tchalitchi cha kumudzi ndi luso loimba mabelu ake, mwakuti wowerenga amamaliza bukulo atadziwa zambiri za mabelu kuposa zimene ankafuna.

Agatha Christie sanalembe mabuku a zachipembedzo otchuka, koma nkhondo inamupatsa zida. Pa nkhondo yoyamba anagwira ntchito m'chipinda chosakanizira mankhwala pa chipatala cha ku Torquay, kumene anaphunzira za poizoni, ndipo wofufuza wake Hercule Poirot, amene anamutulutsa mu 1920, ndi wothawa nkhondo wochokera ku Belgium ngati amene Christie ankawaona m'tauni mwawo.

Nthano za maiko ongopeka nazo zinabadwira m'matope a nkhondo yomweyo. J. R. R. Tolkien, amene anabadwira ku Bloemfontein mu 1892, anamenya nawo nkhondo ya ku Somme mu 1916, kumene asilikali a Britain oposa 19,000 anafa tsiku loyamba lokha. Anzake awiri apamtima a kusukulu sanabwereko. Iye anapulumuka chifukwa anadwala malungo ofalitsidwa ndi nsabwe za m'ngalande zobisalamo asilikali, ndipo ali kuchira anayamba kulemba nthano zoyamba za dziko lake. The Hobbit linatuluka mu 1937, ndipo The Lord of the Rings mu 1954 ndi 1955. Tolkien ankakana kwamtuwagalu kuti mphete ya m'nkhaniyo ikuimira bomba la atomiki kapena kuti Sauron, mdani wamkulu wa m'nkhaniyo, ndi Hitler. Zimene anavomera n'zazing'ono koma zakuya: kuti madambo odzaza nkhope za akufa anawatengako ku dziko la kumpoto kwa France, ndiponso kuti Sam, wolima m'dimba amene amasenza bwana wake Frodo pamsana pokwera phiri, anamutengera kwa asilikali wamba amene iye ankawaona kuti amamuposa. Anali Mkatolika wolimba, komabe m'buku lonselo mulibe tchalitchi ngakhale chimodzi. Chikhristu chake chili m'mapangidwe a nkhani: dziko limapulumuka osati chifukwa ngwazi inali yamphamvu, pakuti pomalizira pake Frodo amalephera, koma chifukwa cha chifundo chimene iye ndi Bilbo wa m'buku la The Hobbit anachitira Gollum, wolakalaka mpheteyo, kale, pamene akanatha kumupha.

C. S. Lewis, wa ku Belfast, anafika ku ngalande za ku France pa tsiku limene ankakwanitsa zaka 19, ndipo anavulazidwa pafupi ndi Arras mu Epulo 1918. Nthawiyo sankakhulupirira Mulungu. Anayamba kuwerenga Chesterton ali m'chipatala cha asilikali, ndipo pambuyo pake anatchula The Everlasting Man la 1925 kuti ndi limodzi mwa mabuku amene anamugwedeza. Chimene chinatsiriza ntchitoyo chinali kucheza kwa usiku umodzi mu Sepitembala 1931, akuyenda m'munda wa Magdalen College ku Oxford ndi Tolkien ndi Hugo Dyson. Lewis ankakonda nthano zakale za milungu yofa n'kuukanso koma ankaziona ngati mabodza okoma. Tolkien anamuuza kuti nthano zotere zimanyamula kachigawo ka choonadi, ndipo kuti nkhani ya Khristu ndi nthano ya mtundu womwewo imene inachitikadi. Patapita masiku ochepa Lewis anavomera. Lewis, Tolkien ndi anzawo, odzitcha Inklings, ankawerengerana zolemba zawo m'chipinda cha Lewis ndi kukumana pa malo omwera mowa a Eagle and Child. Sankasekererana: Tolkien sanawakonde mabuku a Lewis a dziko longopeka la Narnia, ankati aphatikiza nthano za mitundu yosiyana mosasamala.

Nkhondo yachiwiri itayamba mu Sepitembala 1939, boma linasamutsa anthu pafupifupi 1.5 miliyoni, ambiri mwa iwo ana, kuchoka m'mizinda kupita kumidzi pothawa mabomba. Ena anafikira kunyumba kwa Lewis. N'chifukwa chake The Lion, the Witch and the Wardrobe la 1950 limayamba ndi ana anayi ochokera ku London amene atumizidwa kwa pulofesa wokalamba, n'kupeza dziko lina kuseri kwa kabati ya zovala. Mkango Aslan umafa m'malo mwa mnyamata wopereka abale ake, n'kuukanso. Mwana amawerenga nkhaniyi osaona mtanda. Wamkulu amauona msanga, mwina msanga kwambiri, ndipo ena amadandaula kuti ulaliki waonekera pamtunda. Pamenepa Tolkien ndi Lewis amasiyana, ndipo owerenga amagawikanabe mpaka lero.

Zaka za nkhondo zomwezo ndi zimene zinasandutsa olemba nthanowa kukhala aphunzitsi a chikhulupiriro. Kuyambira mu Ogasiti 1941 Lewis ankalankhula pa wailesi ya BBC kufotokoza chikhristu kwa anthu wamba, ndipo nkhani zimenezi zinasonkhanitsidwa mu 1952 kukhala Mere Christianity. The Screwtape Letters la 1942 ndi makalata a chiwanda chachikulu cholangiza chinzake chaching'ono mmene chingasocheretsere mnyamata wina, amene pomaliza amafa ndi bomba lochokera m'ndege. Sayers analemba masewero 12 a pa wailesi onena za moyo wa Yesu, The Man Born to Be King, amene anaulutsidwa kuyambira mu Disembala 1941 mpaka mu Okutobala 1942. Akhristu ena anakwiya asanawamve n'komwe, chifukwa munthu ankalankhula ngati Yesu ndipo ophunzira ake ankayankhula Chingerezi cha mumsewu. Nthawi yonseyi mapepala anali ochepa, ndipo usiku wa pa 29 Disembala 1940 mabomba anatentha mabuku mamiliyoni m'nkhokwe za osindikiza ku Paternoster Row. Anthu ankawerengabe, m'malo obisalamo pansi ndi m'misasa ya asilikali, makamaka timabuku totchipa ta Penguin timene tinayamba mu 1935. Ta milandu tinali ndi chikuto chobiriwira.

Wowerenga amene wafika pamenepa amapezeka kuti waloweratu m'mbiri ya nkhondo, ndipo kumeneko mafunso a m'nthano amafunsidwa ndi anthu enieni. Corrie ten Boom, wa m'banja lokonza mawotchi ku Haarlem, ankabisa Ayuda m'kachipinda kuseri kwa khoma mpaka banjalo linagwidwa mu Febuluwale 1944. Mkulu wake Betsie anafera ku ndende ya Ravensbrück, ndipo buku la Corrie la The Hiding Place la 1971 likulimbana ndi nkhani yokhululukira owazunza. Mbusa Dietrich Bonhoeffer anagwirizana ndi anthu ofuna kuchotsa Hitler ndipo ananyongedwa ku Flossenbürg pa 9 Epulo 1945. Makalata ake a m'ndende amaonetsa munthu amene akufunsa ngati Mkhristu angadetse manja ake kuti aletse choipa chachikulu.

Mbiri yotereyi imafuna maso amene nkhani zofufuza milandu zimaphunzitsa, chifukwa mboni iliyonse ili ndi chimene yabisa. Winston Churchill analemba mbiri ya nkhondo yachiwiri m'mabuku asanu ndi limodzi ndipo mu 1953 analandira mphoto ya Nobel, koma sanatchule kuti ku Bletchley Park akatswiri ankamasulira mauthenga achinsinsi a Ajeremani. Chinsinsichi chinatulukira poyera mu 1974, ndipo olemba mbiri anayenera kuunikanso zambiri. Chodabwitsa n'chakuti mu 1941 Christie anaika munthu wotchedwa Major Bletchley m'buku lake la akazitape, N or M?, ndipo bungwe la akazitape la MI5 linachita mantha, pakuti Christie anali mnzake wa Dilly Knox, mmodzi wa akatswiri aakulu a kumeneko, yemwenso anali mchimwene wake wa wansembe wa malamulo khumi uja. Akuti Christie anafotokoza kuti sitima inamuchedwetsapo pa siteshoni ya Bletchley, ndiye anabwezera popereka dzinalo kwa munthu wosasangalatsa.

Mboni zina sizinaitanidwe n'komwe. Mabuku ambiri a ku Britain amanena zochepa za asilikali a ku Nyasaland a King's African Rifles amene anamenya nkhondo ku Burma mu 1944, kapena za amtengatenga zikwizikwi amene anasenza katundu pa nkhondo yoyamba, ngakhale chipilala cha asilikali ku Zomba chili chiimire. George Shepperson, amene anali ndi asilikali a ku Nyasaland ku Burma, analemba pamodzi ndi Thomas Price buku la Independent African la 1958, lonena za John Chilembwe, mbusa amene mu 1914 anatsutsa zotengera Afirika ku nkhondo ya azungu. Melvin Page, m'zaka za m'ma 1970, anayenda m'midzi ya m'Malawi kumvetsera nkhalamba zimene zinaona nkhondo yoyambayo, ndipo buku lake la mu 2000, The Chiwaya War, analipatsa dzina limene iwo eni ankaitchula: nkhondo ya chiwaya.