Ndudu ya ku Havana ndi Moto wa Nyemba

Aliyense amene anaphikapo nyemba zouma pamafuwa amadziwa kuti luso lake lagona pa moto. Ukangounjika tinkhuni ting'onoting'ono, moto umalilima kamphindi, madzi n'kuphwa, nyemba zikadali gwa. Ukaika zikuni zokhazokha, uuzira mpaka misozi m'maso koma moto osakolera. Wodziwa amasakaniza: tinkhuni toyatsira, nkhuni zapakati zosunga lawi, ndi chikuni chimodzi cha tsanya chonyeka mwakachetechete mpaka madzulo. Amasiyanso mipata kuti mpweya uzidutsa.

Cigar, ndudu yaikulu ija ya masamba okhaokha yopichira pamanja, ndi moto wotere. Kusiyana kwake n'kwakuti wosonkha ndi wina, woyatsa ndi wina, ndipo pakati pa awiriwa pamatha kudutsa zaka zingapo ndi nyanja yamchere. Mulibe pepala, mulibe sefa, mulibe zokometsera. Chimene wogula amalipira ndalama zambirimbiri ndicho kasanjidwe ka masambawo, kuti anyeke mofanana, modekha, kwa ola lathunthu.

Nkhuni zake zimachokera kumadzulo kwa chilumba cha Cuba, m'chigawo cha Pinar del Río, m'dera lotchedwa Vuelta Abajo. Minda yotchuka kwambiri ili pafupi ndi matauni awiri, San Luis ndi San Juan y Martínez, pa dothi lofiirira lamchenga. Kumeneko n'kumene ankalima Alejandro Robaina, mlimi amene anamwalira mu 2010 ali ndi zaka 91, yemwe dzina lake linaikidwa pa mtundu wa cigar mu 1997. Mlimi wa fodya wa ku Kasungu kapena ku Dowa atafika kumeneko sangasowe pogwira. Nazale ilipo, kuwokera kulipo, kuthena kulipo. Kuthyola amayambira masamba apansi kukwera m'mwamba, awiri kapena atatu pa ulendo umodzi. Amasoka masambawo awiriawiri n'kuwapachika pa mitengo m'zigafa zikuluzikulu, momwe amauma ndi mpweya pafupifupi masiku 50, osawayatsira moto.

Phata limodzi la fodya limapereka nkhuni zonse zitatu zija. Masamba apansi, amene amawatcha volado, sawombedwa kwambiri ndi dzuwa. Ndi opyapyala, fungo lawo n'lochepa, koma amayaka msanga. Amenewa ndiye tinkhuni toyatsira. Apakati, otchedwa seco, ndiwo eni fungo. Apamwamba, ligero, amamwa dzuwa tsiku lonse. Amakhuthala, amakhala ndi mafuta, amakhala aukali, ndipo amanyeka monyinyirika ngati tsanya. Palinso tsamba lina lomangira mtolo wa atatuwa, ndi lina lokutira kunja. Lokutirali amalilima padera, m'munda wofunditsidwa nsalu yopyapyala, kuti dzuwa lisalikhwimitse. Limakula lalikulu, losalala, la mitsempha yaing'ono, ndipo ndilo lokwera mtengo koposa onse, chifukwa likangokhala ndi kabowo kapena banga basi lagwa mpikisano.

Fodya wathu wa bale akauma amasankhidwa, n'kudindidwa m'mabelo, n'kupita kuokushoni, ndipo mapeto ake ndi kudulidwadulidwa m'makina opanga ndudu wamba. Tsamba la cigar likauma, ulendo wake umakhala kuti wangoyamba kumene. Kunja limaoneka louma, koma m'kati mwake likadali nkhuni yaiwisi, ndipo tonse tikudziwa chimene nkhuni yaiwisi imachita m'khitchini: utsi wowawa, wotsokomoletsa, wothamangitsa ngakhale mwini mphika. Choncho amalinyowetsa pang'ono n'kuliunjika m'milu italiitali. M'kati mwa mulu mumayamba kutentha pakokha. Ogwira ntchito amayeza kutenthako tsiku ndi tsiku, ndipo kukapitirira muyezo amaphwasula mulu wonse, kukutumula masamba, n'kuunjikanso, apakati kupita kunja, akunja kulowa pakati. Mpweya woipa wa ammonia umatuluka, moti wolowa m'chipindamo koyamba maso amamuwawa. Ukali wa chikonga umachepako. Kuwawa kumasanduka kununkhira. Akatero amachotsa mtsempha wapakati, n'kuunjikanso kachiwiri. Kenako masamba amapita m'mabelo kukagona, okutira kunja aja atawakulunga m'makungwa a mgwalangwa wa kumeneko. Volado amadzuka pasanathe chaka, koma ligero amagona zaka ziwiri kapena kuposerapo. Kwa mtundu wa Cohiba, umene unayamba mu 1966 ngati fodya wa Fidel Castro ndi alendo a boma ndipo unayamba kugulitsidwa kwa anthu mu 1982, seco ndi ligero amawatsekeranso m'migolo kuti apsenso kachitatu.

Tsopano tifike kwa wosonkha moto. M'mafakitale a ku Havana, monga a Partagás amene dzina lake linayamba mu 1845, opichira amakhala m'mizere pa matebulo ngati ana asukulu. Zida zawo n'zochepa: thabwa, mpeni wafulati wopanda chigwiriro wotchedwa chaveta, kachitsulo kodulira, zikombole zathabwa, ndi kambale ka ulimbo wochokera ku mitengo, wopanda fungo. Wopichira amatenga masamba am'kati n'kuwapinda limodzilimodzi m'dzanja lake, osawapota, kuti pakhale tinjira ta mpweya kuchokera kumapeto kuno kufika uko. Ligero amamuika pakatikati penipeni. Chifukwa chake n'chomwe chija cha pamafuwa: pakati ndi pomwe moto umatentha kwambiri, ndiye chikuni chovuta kunyeka malo ake ndi pamenepo. Ligero akatsetserekera m'mbali, mbali imodzi ya cigar imathamanga ina ikutsalira, n'kunyeka mopendekera. Akathinitsa kwambiri, wosuta amakoka mpaka masaya kuwawa, utsi osabwera. Akalekerera, moto umathamanga, utsi umatentha, kukoma konse n'kupserera. Palibe sikelo imene ingamuuze wopichira kuti apa pakwana. Zala zake n'zimene zimadziwa, ndipo ophunzira amatha miyezi 9 asanaloledwe kukhala pa tebulo lawolawo.

Mtolo ukamangidwa umalowa m'chikombole n'kupanikizidwa kwa theka la ola kapena kuposerapo. Kenako wopichira amayala theka la tsamba lokutira lija pa thabwa, kulidula ndi chaveta, kulikoka kuti litambasuke, n'kulizengeza mopendeketsa kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Pomaliza amadula kachidutswa kozungulira n'kukamata kumutuko ngati kachipewa. Katswiri amapichira pakati pa 60 ndi 150 pa tsiku, malinga ndi kukula kwake. Zikachoka kwa iye zimapita kwa osankha mitundu, amene maso awo amasiyanitsa kufiirira kwa mitundu yoposa 60, kuti za m'bokosi limodzi zifanane ngati ana a mimba imodzi.

Pali mwambo wina m'mafakitalewa umene ine ndimaukonda kuposa fodyayo. Unayamba mu 1865 pa fakitale ya El Fígaro: kutsogolo kwa holo kumakhala munthu wolembedwa ntchito yowerenga mokweza, nyuzipepala ndi mabuku a nthano, anzake manja ali pa ntchito. Nkhani ikawakomera saomba m'manja, popeza manja ali ndi fodya, koma amagogoda matebulo ndi mipeni yawo. Mtundu wa Montecristo, umene unayamba mu 1935, unatenga dzina ku buku la Alexandre Dumas limene opichira ankakonda kulimva.

Moto wosonkhedwa bwino chonchi ungathe kuwonongeka m'manja mwa woyatsa, ndipo kawirikawiri n'kumene umawonongekera. Poyamba ndi kasungidwe. Cigar imafuna chinyezi cha pakati pa 65 ndi 70 peresenti, pamalo pozizirira bwino, n'chifukwa chake eni ake amaisunga m'bokosi la mkungudza lokhala ndi kosungira madzi. Ikauma kwambiri, tsamba lakunja limang'ambika ndipo imayaka ngati udzu wa mu Okutobala. Ikanyowa kwambiri, yabwerera ku nkhuni yaiwisi. M'bokosi mukatentha, timazira ta tizilombo tofumbula fodya timaswa, ndipo mwini amadzapeza chuma chake chili mabowo okhaokha.

Podula amachotsa kansonga chabe ka kachipewa kaja. Akadula mozama, tsamba lonse limamasuka. Poyatsa sagwiritsa laitala ya petulo kapena kandulo, poti fungo lake limalowa m'fodya. Amayandikiza machesi kumapazi kwake, akuizunguza, mpaka mkombero wonse utagwira moto. Kuchokera apo, lamulo ndi kufatsa: kukoka kamodzi pa mphindi, kapena kuchepera apo. Wokoka pafupipafupi ali ngati mwana amene wamusiyira mphika iye n'kumakupiza moto ndi chivundikiro kuti akasewere msanga. Nyemba zimapserera pansi, pamwamba zisanapse. Phulusa nalo saligwedeza msanga. Monga phulusa la pamafuwa limafunditsa makala kuti asathe mofulumira, la pa cigar limaletsa mpweya wambiri kufika pa moto, utsi n'kumabwera wozizira. Utsiwo saumeza. Amausunga m'kamwa, ena n'kutulutsako pang'ono m'mphuno, chifukwa mphuno ndiyo imamva zambiri zimene timati kukoma.

Nanga kukomako n'kotani? Odziwa amatchula khofi wokazinga, koko, chikopa, thabwa la mkungudza, dothi lonyowa ndi mvula yoyamba, tsabola. Zonsezi sizithiridwamo, zimachokera ku dothi, ku dzuwa ndi ku milu ija. Kunena zoona, ena mwa olemba za fodya amawonjeza. Munthu akayamba kutchula zipatso khumi mu utsi umodzi, ndimaganiza kuti akulawa mtengo umene walipira. Koma chimodzi n'choona ndipo chili ndi chifukwa chake: kukoma kumasintha cigar ikamafupika. Utsi uliwonse umadutsa m'masamba otsala n'kusiyamo mafuta ndi phula, motero chiyambi chimakhala chofewa, pakati pamakhala pokoma kwambiri, ndipo kumapeto kumakhala kwaukali ndi kotentha. Pamenepo wodziwa amangoiika pambali kuti izime yokha. Kuitswanya kumanunkhitsa nyumba. Kukula kwake nakonso kuli ndi mbali. Yonenepa imalola masamba ambiri osakaniza ndipo imanyeka mozizira kuposa yowonda. Robusto, yotalika mamilimita 124, imatha pafupifupi mphindi 45. Churchill, ya mamilimita 178, yotchedwa dzina la nduna yaikulu ya Britain ija, imadya ola ndi kuposerapo.

Dzina la Cuba pa bokosi si chikole cha ubwino. Boma la Castro litalanda mafakitale mu 1960, mabanja ambiri odziwa ntchitoyi anathawa atanyamula mbewu ndi luso. Mu February 1962, John F. Kennedy analetsa malonda ndi Cuba, koma atayamba watuma mneneri wake, Pierre Salinger, kukamugulira ma cigar a H. Upmann okwana 1,200. Msika wa America utatsekeka choncho, minda inakula ku Dominican Republic, ku Honduras ndi ku Estelí m'dziko la Nicaragua, ndipo lero mayina ngati Padrón ndi Arturo Fuente amapikisana ndi a ku Havana popanda manyazi. Ena mwa iwo amakutira ndi tsamba lolimidwa kuno ku Africa, ku Cameroon. Cuba nayo inapunthwapo: kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ogula atachuluka, anafulumizitsa ntchito ndipo zambiri zinkatuluka zothina moti utsi sunkadutsa, mpaka anabweretsa makina oyeza mpweya pa mtolo uliwonse usanakutidwe.

Pali pamene fanizo la nyemba limathera, popeza nyemba zimamanga thupi. Anthu ambiri amaganiza kuti poti utsi wa cigar saumeza ndiye kuti ulibe vuto. Chikonga chake chimalowa m'magazi kudzera m'kamwa momwemo, ndipo cigar imodzi yaikulu imatha kukhala ndi fodya wochuluka ngati paketi yathunthu ya ndudu wamba. Kupsa kwa m'milu kuja, kumene kumabweretsa fungo, kumachulukitsanso tizinthu tina toyambitsa khansa. Matenda ake amagwira milomo, lilime, kummero ndi kholingo, malo omwewo amene utsi umachezera. Sigmund Freud, amene ankasuta pafupifupi 20 pa tsiku, anam'peza ndi khansa ya m'kamwa mu 1923 ndipo anachitidwa maopaleshoni oposa 30 asanamwalire mu 1939. Castro mwiniwake, amene dziko lonse linkamudziwa ndi Cohiba kukamwa, anasiya kusuta mu 1985, boma lake likulimbikitsa anthu a ku Cuba kuchepetsa fodya, uku likupitiriza kumugulitsa kunja.