Kodi wapolisi akalakwitsa dzina, muluta wafa?

Chitsegulireni mlatho wa Kassuende m'chaka cha 2014, dera la Mpadue mu mzinda wa Tete silikhalanso phee ngati kale. Malole ochokera ku Zobue amaolokera pomwepa mtsinje wa Zambezi polowera ku Changara ndi ku Zimbabwe, ndipo mashapa ndi njinga zamoto nazo zili piringupiringu. Pochuluka magalimoto apolisi a pamsewu sasowapo, ndiye mapepala a chindapusa, amene kuno timangoti muluta, amalembedwa tsiku ndi tsiku.

Pakati pa madalaivala pali mphekesera yomwe yafika mpaka kumidzi ya ku Angonia ndi ku Tsangano. Ati wapolisi akangolakwitsa chilembo chimodzi pa pepala lija, basi mlandu watha, ling'ambeni. Abale anga, mphekesera imeneyi ikhoza kukugulitsitsani mbuzi.

Tiyambe ndi maina, poti ife a m'malire bvuto lathu lagona pamenepo. Wapolisi anaphunzira kulemba m'Chipwitikizi. Inu mukati Mwale, iye alemba Muale. Mukati Phiri, mwina alemba Piri kapena Firi. Ngakhale Mpadue yemweyu, wa ku Dedza akadalemba Mpadwe, monganso Calomue akadamulemba Kalomwe. Kukadakhala kuti kusiyana kotereku kumapha muluta, bwenzi ambiri a ife sitilipira mpaka kalekale!

Malamulo anaziona kale zimenezi. Buku la malamulo lotchedwa Código Civil, la m'chaka cha 1966, limene Mozambique inatengera kwa Apwitikizi, pa ndime 249 likuti kuphonya chabe polemba kapena powerengetsa, kumene kukuonekeratu kuti n'kuphonya, kumangopatsa munthu ufulu woti akonze pomwe palakwikapo. Tsono ngati nambala ya kalata yanu yoyendetsera ili bwino, nambala ya galimoto ili bwino, tsiku ndi malo zili bwino, musayembekeze kuti woweruza akumasulani kaamba ka chilembo chimodzi cha dzina. Adzangokonza, inu n'kulipira.

Koma sikuti kulakwitsa konse n'kofanana ayi. Lamulo la pamsewu, Decreto-Lei 1/2011, limafuna kuti wapolisi alembe chimene mwalakwa, tsiku, nthawi ndi malo, komanso kuti wolakwayo ndani ndipo wolembayo ndani. Izi ndiye nsanamira za mlandu. Tiyerekeze kuti galimoto yanu ili ndi nambala yothera ndi TT, ya kuno ku Tete, koma pa pepala alemba nambala ina yothera ndi MC, ya ku Maputo. Kapena alemba kuti munagwidwa ku Mpadue Lachiwiri, pomwe chidindo cha m'pasipoti yanu chikuonetsa kuti Lachiwirilo munali ku Malawi. Kapenanso akuti munathamanga kwambiri, pomwe anakuimitsirani nyali yakufa. Apa si nkhani ya chilembo, apa pepala likunena za galimoto ina, tsiku lina kapena mlandu wina, ndipo muli ndi poyambira kudandaula.

Chimene ambiri samva n'chakuti ngakhale kulakwitsa kukule chotani, wofafaniza muluta si inu. Pepala silifa lokha m'thumba la malaya. Lamulo limapereka masiku 15 oti munthu alipire mwaufulu kapena apereke dandaulo lake. Mukangokhala chete, kope limene linatsala kwa apolisi limapita ku khoti, ndipo kumeneko kumakhalanso ndalama za khoti pamwamba pa chindapusa chija. Kukana kusaina nakonso sikuthandiza kanthu, chifukwa wapolisi amangolemba kuti munakana.

Palinso msampha wina. Ena akaona kuti pepala lalakwika amayamba kunyengererana ndi wapolisi kuti zithere pomwepo ndi "ya fanta". Ndalama yotuluka popanda risiti ilibe mboni, ndipo wopereka chiphuphu amapalamula mlandu monganso wolandira.

Tsono mukapatsidwa pepala, liwerengeni muli pomwepo, wapolisi asanachoke. Ngati Chipwitikizi chikukubvutani, funsani mnzanu akuwerengereni. Mukaona polakwika muuzeni mwaulemu, ndipo pepalalo lisungeni pouma, pamodzi ndi chilichonse choonetsa kumene munali tsikulo. Dandaulo lilembeni papepala, m'Chipwitikizi, ndipo mutsale ndi kope lodindidwa. Poti mulipereke, funsani ku ofesi ya apolisi a pamsewu kapena ku INATRO, bungwe loona za makalata oyendetsera. Amene alibe ndalama za loya apite ku IPAJ, bungwe la boma lothandiza osauka pa milandu mwaulere, ndipo popita atenge pepalalo ndi chitupa chawo, masiku 15 aja asanathe.