Mbiri yakale ikuthandiza kubwezeretsa nyama

Mlendo akafika ku Elephant Marsh, dambo lalikulu la mtsinje wa Shire m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, angadabwe kuti dzinali linabwera bwanji poti palibe njovu ngakhale imodzi. Lerolino m'damboli muli mvuu, ng'ona, mbalame ndi asodzi, ndipo m'mbali mwake mwadzaza minda.

Koma zolemba zakale zikutsimikiza kuti dzinali silinangogwa kumwamba. David Livingstone, yemwe anadutsa m'derali mu 1859, analemba kuti anaona njovu pafupifupi 800 pamalo amodzi.

Umboni woterewu tsopano ndi chida cha akatswiri oteteza nyama zakutchire. Malinga ndi ndondomeko zomwe bungwe la IUCN linatulutsa mu 2013, nyama iyenera kubwezeredwa kumene mtundu wake unkakhala kale. Umboni wake utha kuchokera m'mabuku, m'mafupa ofukulidwa pansi, ngakhalenso m'zokamba za anthu. Apa ndiye kuti zimene agogo akukumbukira za chipembere chomwe chinkadutsa kuseri kwa phiri si nthano chabe. Paja mawu a akuluakulu amakoma akagonera.

Chitsanzo chapafupi ndi nkhalango ya Majete ku Chikwawa. Pofika mu 1992 opha nyama mozembera anali atamaliza njovu zonse, ndipo zipembere ndi mikango zinali zitatha kale. Munthu wongoyang'ana zomwe zinatsala akadaganiza kuti Majete ndi thengo la anyani basi.

Bungwe la African Parks litagwirizana ndi boma mu 2003 kuti liziyang'anira nkhalangoyi, linayamba kubwezeretsa nyama zomwe mbiri ikuti zinkapezekamo. Zipembere zinafika chaka chomwecho, njovu mu 2006, anyalugwe mu 2011, ndipo mikango mu 2012. Njovu zinaswana mpaka mu 2017 zina zinatengedwa kukawonjezera za ku Nkhotakota.

Kumaiko ena, mafupa ndiwo aulula zomwe mabuku sanalembe. Ku Hawaii kuli bakha wakutchire amene kwa zaka zambiri ankangopezeka pa kachilumba kamodzi kotchedwa Laysan, moti anthu ankaganiza kuti kwawo n'komweko. Koma m'zaka za m'ma 1990, mafupa akale opezeka pa zilumba zina atapimidwa anaonetsa kuti bakhayu anali wofala, ndipo pa Laysan anangotsalirapo. Izi zinalimbitsa mtima akatswiri kusamutsira abakha 42 ku chilumba cha Midway mu 2004 ndi 2005, kuti mliri kapena namondwe mmodzi asamalize mtundu wonse.

Phunziro lake n'lakuti pamene nyama yatsalira sikuti ndi pamene imakonda. Nthawi zina pamakhala pothawira chabe.

Komabe mbiri siyankha mafunso onse. Kudziwa kuti njovu 800 zinkadya m'dambo la Shire sikutanthauza kuti zikatulidwe komweko lero, pakati pa chimanga, mpunga ndi nzimbe za anthu. N'chifukwa chake Majete anazunguliridwa ndi mpanda wamagetsi, kuti nyama zobwererazo zisasanduke chipsinjo kwa midzi yoyandikana nayo.

Chodetsa nkhawa n'chakuti m'badwo uliwonse umayesa kuti nyama zomwe unazipeza ndizo zinalipo chikhalire. Okalamba omwe anaona chipembere chikuyenda mwaufulu akuchepa chaka ndi chaka, ndipo zimene akudziwa zikapanda kulembedwa, adzapita nazo kumanda.