DISO LA KUMBUYO LAFIKA KU MALAMBO

Nthawi yakuti ndeke ya ku Lusaka itere pa bwalo la Mfuwe, m'boma la Mambwe, ikayandikira, magalimoto amaunjikana panja monga nkhuku pamtondo. Ena ndi ma Land Cruiser opanda zitseko zamagalasi odzatenga alendo opita kukaona nyama ku South Luangwa. Ena ndi aang'ono, ogwirako kale nchito ku Japan, amene amalowa m'dziko muno kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi pa malire a Nakonde.

Ambiri mwa aang'onowa adadza ndi cinthu cimene madalaivala akale sanacidziwe. Kumbuyo, pafupi ndi nambala, kuli kamera yaing'ono ngati diso la mbuzi. Dalaivala akaika giya yobwerera m'mbuyo, kagalasi kamene kali pambali pa ciwongolero kamayaka, nikaonetsa zonse ziri kuseri kwa galimoto. Mau olembedwa pamenepo kawirikawiri ndi a Cijapani, ndipo eni galimoto angotsata cithunzi cokha.

Cipangizo cimeneci sicinadze cifukwa ca ulesi ai. Kuseri kwa galimoto ali yense kuli malo amene kalirole saonetsa, ndipo mwana wokwawa kapena wongoyamba kuyenda amabisika m'menemo. M'caka ca 2002, ku America, mwana wa zaka ziwiri dzina lace Cameron Gulbransen anapondedwa ndi atate ace omubala pamene anali kubweza galimoto pakhomo pao. Imfayi inabala lamulo lochedwa dzina la mwanayo mu 2008, ndipo kuyambira mwezi wa May 2018 galimoto wamng'ono ali yense watsopano wogulitsidwa m'dzikomo ayenera kukhala nayo kamera. Makolo a kwa Kakumbi ndi kwa Mnkhanya, kumene ana amasewera pabwalo pomwe galimoto wagona, angamvetse bwino cifukwa cace.

Koma amene anapanga diso limeneli sanali kuganiza za ku Malambo. M'mwezi wa October fumbi limamata pakamera galimoto asanayende mtunda wautali, ndipo dzinja likafika matope amatsiriza nchitoyo. Cithunzi cimasanduka nkhungu. Ngakhale itakhala yoyera, kamera iona zakumbuyo zokha; wanjinga wosenza makala amene acokera m'mbali amaonekera atafika kale pa gudumu. Bvuto lalikulu nlakuti khosi limazolowera msanga. Munthu amene wayendetsa miyezi yowerengeka maso ali pakagalasi amaleka kuceuka, ndipo tsiku limene waya waduka amabweza galimoto monga wakhungu.

Kale nchito imeneyi inali ya anthu awiri. Mnyamata wa palole anali kutsika, naima poonekera, nafuula kuti, “Bwera! Bwera! Basi!” kwinaku akumenya thupi la galimoto ndi dzanja. Iye anali kuona mbali zonse, dzenje, citsa ndi kamwana komwe. Madalaivala operekeza alendo m'nkhalango akali kuyenda mwa nzeru yakaleyo. Njobvu ya mwana ikatseka njira, iwo amabweza galimoto pakati pa mitengo atatembenuza thupi lonse, khutu liri chire, pakuti kulira kwa nthambi yothyoka palibe kamera imene ingakuonetse.

Cofunika kwa mwini galimoto ncocepa: kansalu kopukutira kamera m'mawa, ndi kuzungulira galimoto ndi miyendo asanalize injini, makamaka pamudzi ndi pamsika.

Pa bwalo lomwelo la Mfuwe pali cina coyenera kuciona. Woyendetsa ndeke ali ndi makina ambiri kuposa galimoto ali yense wa m'cigwa muno, omuuza msinkhu, liwiro ndi njira. Komabe ndeke ikatera nilowa poimikira, iye amayang'ana munthu wobvala malaya owala amene waima pansi, natsata manja ace pang'ono pang'ono, kufikira munthuyo atapingasa manjawo pamwamba pa mutu.