KODI CIDAKWA CINGALEKE MOWA POPANDA KUPEMPHERA?

M'mwezi wa May caka ca 1935, Bambo Bill Wilson, wamalonda wa ku New York, anali yekhayekha pa hotela ina mumzinda wa Akron m'dziko la America. Malonda amene anapitira kumeneko anali atalephereka, ndipo cipinda comweramo mowa cinali pafupi. Bamboyu anali atakhala miyezi isanu osalawa mowa, koma tsiku limenelo cilakolako cinam'gwiranso. M'malo molowa mukamweramo, anaimbira lamya m'busa wina ndi kupempha kuti am'pezere cidakwa cinzake coti akambirane naco.

Munthu amene anapezeka ndi Dotolo Bob Smith, sing'anga wa opaleshoni amene mowa unali utam'thera ulemu. Dotoloyo anavomera kumvetsera kwa mphindi 15 cabe, koma awiriwo anakambirana maola ambiri mpaka usiku. Pa 10 June ndilo tsiku limene amakumbukira kuti a Smith anamwa botolo lawo lotsiriza, ndipo ndilo tsiku lobadwa la kabungwe ka Alcoholics Anonymous, kapena kuti AA, kamene lero kali m'maiko ambiri.

Amuna awiriwa anali kusonkhana ndi gulu la Akristu lochedwa Oxford Group, loyambitsidwa ndi Mbusa Frank Buchman. Kumeneko ndiko anatenga mwambo woulula zolakwa pamaso pa mnzako, wobwezera amene unawalakwira, ndi wopereka moyo wako m'manja mwa Mulungu. Pamene analemba buku lawo mu 1939, miyambo imeneyi inasanduka masitepe 12. Sitepe loyamba ndi kuvomera kuti mowa wakuposa mphamvu, ndipo angapo mwa otsatirawo amachula Mulungu.

Mkangano unayamba buku lisanasindikizidwe n'komwe. Mmodzi mwa mamembala oyamba, Bambo Jim Burwell, sanali kukhulupirira Mulungu, ndipo anakana kwa mtu wagalu kuti kabungweko kakhale ngati chalichi. Atakangana kwambiri anagwirizana kuonjezera mau olola munthu aliyense kumvetsa Mulungu mwa njira yake. Kucokera pamenepo a AA amanena kuti kabungwe kawo si cipembedzo. Komabe mlendo amene aona msonkhano ukutsekedwa ndi Pemphero la Ambuye, monga acitira m'malo ambiri, sangadzudzulidwe akaganiza kuti walowa m'nyumba ya mapemphero.

Ena amene anafuna kuleka mowa sanakhutire ndi zimenezi. Mai Jean Kirkpatrick anayambitsa gulu la akazi okhaokha la Women for Sobriety ca m'ma 1975. Iwo anaona kuti mkazi amene mowa wam'cititsa kale manyazi safunika kumuuzanso kuti alibe mphamvu, koma kum'thandiza kuti adzione ngati munthu. Bambo James Christopher nawonso, ataona kuti nkhani za Mulungu zinali kuwalemera m'misonkhano, anayambitsa gulu la SOS ku California. Mu 1994 kunabwera SMART Recovery, imene iphunzitsa munthu kuzindikira cimene cimautsa cilakolako, kaya ndi tsiku la malipiro, mkwiyo kapena anzake akale, ndi kupirira mpaka cilakolakoco citapita, pakuti sicikhalitsa.

Nkhaniyi inafika ndi kukhoti komwe. Oweruza a ku America anali ndi cizolowezi cotumiza olakwa ku misonkhano ya AA. Mu 1996 khoti lalikulu la cigawo ca New York linagamula kuti mkaidi wina wosakhulupirira Mulungu sanayenere kumanidwa mwai wocezeredwa ndi banja lake cifukwa cokana misonkhanoyo. Mu 2007 khoti lina linagamula cimodzimodzi pa mlandu wa munthu wa cipembedzo ca Cibuda ku Hawaii. Oweruzawo sananene kuti AA ndi yoipa ai. Anangoti Boma lilibe mphamvu yokakamiza munthu kupemphera.

Nanga ndi njira iti imene igwira nchito? Mu 2020 akatswiri a bungwe la Cochrane anasonkhanitsa kafukufuku wosiyanasiyana wokwana 27, wokhudza anthu oposa 10,000. Anapeza kuti njira zolowetsa odwala mu AA zinathandiza anthu kulekeratu mowa mofanana ndi njira za alangizi a kucipatala, ndipo nthawi zina kuposa. Koma Dotolo John Kelly wa pa Harvard, amene anatsogolera nchitoyo, waonetsanso m'kafukufuku wina kuti mphamvu yaikulu ya AA ili pa kusintha anzako. Munthu amene madzulo ake onse anali kuthera pa botolo, tsopano ali ndi kopita, ndiponso ali ndi mnzake amene angam'gogodere pakhomo cilakolako cikavuta. Pemphero nalo linaoneka kuti lithandiza, makamaka kwa amene ucidakwa unawafika pa fupa. Ici n'cosadabwitsa kwenikweni, pakuti a Wilson pa hotela paja, ngakhale anadzera kwa m'busa, cimene anapempha ndi cidakwa cinzawo.

Kuno kwathu, kumene kacasu aphikidwa kuseri kwa nyumba ndipo Boma linacita kuletsa tujilijili mu 2012, munthu wofuna kuleka mowa kawirikawiri amayamba kwa abusa kapena ansembe, popeza chalichi ndico cili pafupi. Acibale ake adziwe cinthu cimodzi cimene magulu a mbali zonse ziwiri avomerezana. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku akaleka mwadzidzidzi, angayambe kunjenjemera, kutuluka thukuta, kuona zinthu zimene palibe, ngakhale kugwa ngati wa khunyu, makamaka pa masiku atatu oyamba. Zimenezi si mizimu kapena ufiti, koma thupi limene linazolowera mowa, ndipo zingathe kupha. Wotereyo apite naye kucipatala msanga, kumene kuli mankhwala oziziritsa zimenezi. Msonkhano, wa mapemphero kapena wopanda mapemphero, adzaupeza atatuluka.