Kodi Mbala Imaleka Kuba?

Amayi anzanga, m'midzi ndi m'matauni mwathu muli nyumba zambiri zimene dzina la mwana wina silitchulidwa pamaso pa alendo, chifukwa mwanayo ali kundende ya Maula, Chichiri kapena Zomba. Mayi wake akamapita kuchigayo amamva anthu akunong'onezana kuti m'mera mpoyamba, woyamba kuba ali mwana adzafa ali mbala. Kodi zimenezi n'zoona? Kudziko la America kuli anthu ophunzira amene analondola funso limeneli kwa zaka pafupifupi 60, ndipo zimene anapeza n'zoyenera kuti inu muzimve.

Cha m'ma 1940, bambo Sheldon Glueck ndi mkazi wao Eleanor, a pa yunivesite ya Harvard, anayamba kufufuza moyo wa anyamata 500 a mumzinda wa Boston amene anatsekeredwa m'sukulu za ana opulupudza. Anawatsata kufikira atakwana zaka 32. Mapepala ao anakhala m'mabokosi nthawi yaitali, mpaka m'ma 1980 pamene John Laub ndi Robert Sampson anawafukula n'kuyamba kufunafuna anthu aja. Anaona mabuku a milandu yao kufikira zaka 70, nacheza maso ndi maso ndi 52 mwa iwo, ndipo mu 2003 analemba buku.

Choyamba chimene anapeza n'chakuti pafupifupi onse analeka, ngakhale aja oumitsitsa mitu. Kuba kunachuluka paunyamata, kenaka n'kumachepa chaka ndi chaka. Milandu ya mowa ndiyo inachedwa kutha. Chodabwitsa n'chakuti mbiri ya ubwana wao sinathandize kwenikweni kulosera amene adzaleka msanga ndi amene adzachedwa.

Nanga chinawaleketsa n'chiyani? Ena ntchito yokhazikika, ena usilikali, koma ambiri anatchula akazi ao. Mu 2006 ofufuzawa anawerengera kuti mwamuna yemweyo, pa nthawi imene anali pabanja, mpata woti apalamule unkatsika ndi magawo pafupifupi 35 pa 100 alionse.

Musaganize kuti akaziwo anali ndi mankhwala, kapena kuti ankalalikira usiku wonse. Banja linkasintha tsiku la munthu. Madzulo amene kale ankathera pa mowa ndi anzake, tsopano kunyumba kunali womudikira ndi womufunsa kumene wachokera. Malipiro ankafikira m'manja mwa mkazi. Ena anasamukira kudera lakuchikazi, kutali ndi anzao akale, ndipo apongozi kapena alamu n'kuwapezera ntchito. Ambiri sanachite kulumbira kuti "lero ndaleka". Anangozindikira patapita zaka kuti ali ndi ana, nyumba ndi ulemu, zinthu zoti akalakwa adzazitaya. Ndipo kulekako sikunali kwa tsiku limodzi ayi. Munthu ankagwa, n'kudzuka, n'kugwanso, koma kugwako kumka kutalikirana.

Apa mpofunika kusamala, chifukwa alipo anankungwi ena amene angathamangire kuuza mtsikana kuti, "Kwatiwa naye, udzam'konza." Iyayi. Limene linathandiza ndi banja lomvana, lokula pang'onopang'ono, osati ukwati uli wonse. Ofufuza omwewo anavomera kuti mwamuna wopalamula kawirikawiri amakwatira mkazi womuposa khalidwe, kotero phindu limagwera iye pamene katundu amasenza ndi mkaziyo. Mkazi womenyedwa sakukonza munthu, akungovutika, ndipo ankhoswe ayenera kumva.

Komanso anthu a ku Boston aja onse anali amuna. Mu 2002 mayi Peggy Giordano ndi anzake anafalitsa zimene anapeza potsata atsikana ndi anyamata amene anatsekeredwapo m'chigawo cha Ohio. Kwa iwo ukwati kapena ntchito pazokha sizinaoneke zamphamvu chotero. Chinkatsogola ndi mtima wa mwiniwake: kutopa ndi moyo wakale, kugwiritsa mwayi ukapezeka, ndi kuyamba kudziona ngati munthu wina. Akazi ambiri anatchula ana ao ndi chipembedzo.

Tsono inu amene mwana wanu atuluka chaka chino, yang'anani zooneka ndi maso. Kodi akudzuka m'mawa kupita kumunda kapena kuganyu? Akuyenda ndi yani dzuwa likalowa? Mukam'tuma ndi ndalama ya mchere, chenji chikubwera? Chikabwera, mawa m'tumeni ndi ya feteleza wapathumba laling'ono, ndipo malume ake adziwe kuti mwam'tuma.