Kupanga Kandege Kofanana ndi Ndege Yeni-yeni

Anyamata a ku Chadiza sasowa luso la manja. M'midzi ya kwa Mlolo, kwa Zingalume ndi kwa Mwangala mudzapeza magalimoto a waya okhala ndi ciongolero ndi zitseko, ndipo m'nyengo ya masika, cimanga citakololedwa, ena amapanga ndege za mapesi. Koma ndege zambiri zotere ziri ndi cilema cimodzi. Mapiko afupika, magudumu akula ngati a ngolo, ndipo munthu wodziwa ndege sangathe kuchula dzina lace la ndegeyo. Pali njira yina yopambana imeneyi, ndiyo kusankha ndege imodzi yodziwika ndi kuicepetsa ziwalo zace zonse ndi muyeso umodzi, monga momwe mapu a pa khoma la sukulu acepetsera mitsinje ndi miseu ya dziko.

Ndege yoyenera kuyambira ndiyo Beaver. Inapangidwa ku Canada ndi kampani ya de Havilland, ndipo inauluka koyamba m'caka ca 1947. Asanaipange anafunsa oyendetsa ndege a kumadera akutali a dziko lija kuti afuna ndege yotani. Iwo anafuna ndege yolimba, yotha kunyamuka pa bwalo lalifupi, ndiponso ya zitseko zazikulu zolowa mgolo wa mafuta. Zosowa zao zinali zofanana ndi zathu, cifukwa cace m'zaka za m'ma 1950 kampani ya Central African Airways inayendetsa ndege zimenezi ku Barotseland ndi ku Nyasaland, kumene mabwalo anali a udzu ndi fumbi. Pamene Zambia Airways inayamba m'caka ca 1964, inali ndi ndege za Beaver zitatu ndi za DC-3 ziwiri. Kwa wophunzira kusema, Beaver ndi yabwino pakuti iri ndi injini imodzi yokha, ndipo mapiko ace ndi oongoka, okhala pamwamba pa thupi.

Tsono tiyeni ticite masamu, pakuti nchito yonse yagona pamenepa. Kucokera ku nsonga ya phiko limodzi kufika ku nsonga ya linzace, Beaver iri ndi mapazi 48, ndiwo mamita 14.6. Tikagawa ndi 48 tipeza phazi limodzi, ndiko kutalika kwa rula ya m'kalasi, ya masentimita 30. Tatero, tasankha muyeso wathu: cinthu ciri conse ca pa ndege cidzagawidwa ndi 48. Thupi lace, lotalika mamita 9.2, lidzakhala masentimita 19. Kutambalala kwa phiko kudzapitirira masentimita 3 pang'ono. Munthu wamkulu woima pambali pace akanakhala masentimita 3 ndi theka, wosafika ngakhale pa kamtengo ka macesi.

Apa ndipo ambiri amagonja. Mnyamata ayang'ana kagudumu kamene masamu amuuza, naona kuti kacepa, nati, "Ndikuzeko pang'ono kuti kaoneke." Akatero waononga zonse, pakuti milimita imodzi pa kandege iimira mamilimita 48 pa ndege yeni-yeni, ndiko kutambalala kwa zala zitatu za munthu wamkulu. Maso amanyenga, rula sinyenga. Ndipo musaganize kuti kusamala kotere ndi kwa ana okha. M'caka ca 1901, ku Dayton m'dziko la America, abale awiri, Wilbur ndi Orville Wright, anapanga bokosi lopitamo mphepo, nayesamo timapiko tating'ono pafupi-fupi 200. Zimene anaphunzira pa timapiko timeneto ndizo zinawathandiza kupanga ndege imene inauluka pafupi ndi Kitty Hawk pa 17 December 1903.

Musanagwire mpeni, jambulani. Pafunika zithunzi zitatu: ndege monga ioneka ca pambali, ca pamwamba ndi ca kumaso. Pemphani aphunzitsi akuthandizeni kupeza zithunzi za Beaver m'buku kapena pa intaneti. Lembani mizere yopingasana pa cithunzico kuti pakhale timabokosi tofanana, lembaninso timabokosi totere pa pepala lanu molinga ndi muyeso, ndipo musamutse cithunzico kabokosi ndi kabokosi. Mukatha, dulani mapepalawo. Ndiwo adzakhala zoyesera zanu.

Anthu a maiko ena amasema tindege tao ndi mtengo wopepuka wa balsa wocokera ku South America. Ife tiri ndi zathu. Kumene kuli ciwale, phesi lace louma lisemeka bwino ndi lezala. Malaina nawonso ndi ofewa ndipo salimbana ndi mpeni. Mlombwa ndi wokongola, koma ndi wouma kwa manja a mwana, usiyireni akalipentala. Mtengo uli wonse ukhale wouma ndithu, pakuti wauwisi udzapindika nchito itatha kale.

Yambani ndi thupi. Lembani mzere wa pakati kuzungulira cidutswa conse, ndipo mzere umenewu usafafanizike kufikira tsiku lopaka utoto, mukausema, ulembeninso. Ikani pepala la pambali, lembani, semani. Ikani pepala la pamwamba, lembani, semaninso. Pambuyo pace ndipo muzungulize ngodya. Kumaso kwa Beaver ndi kozungulira ngati kukamwa kwa mtsuko, cifukwa injini yace iri ndi masilinda 9 oikidwa mozungulira monga masipoko a njinga. Pakati pokhala anthu mbali zace ndi zoongoka ngati bokosi, ndipo kucokera pamenepo thupi lionda kunka kumcira. Semani mocotsa pang'ono-pang'ono, mpeni ukuloza kutali ndi zala zanu. Mtengo wocotsedwa subwerera.

Phiko si thabwa wamba. Pansi pace ndi posalala, pamwamba ndi pokwera ngati msana wa nsomba. Kutsogolo ndi kokhuthala ndi kozungulira, kumbuyo ndi kopyapyala ngati mpeni. Maonekedwe amenewa ndiwo amapotoza mphepo kuti ipite pansi, ndipo mphepoyo ikankhira ndege kumwamba. Semani mapiko onse awiri pa cidutswa cimodzi kuti afanane. Phiko liri lonse liri ndi mcirikizo umodzi wocokera m'munsi mwa thupi. Kansungwi kopalidwa bwino kakwanira. Zipsepse za kumcira, coimirira ndi cogona, zicokere pa kathabwa kopyapyala.

Magudumu awiri a kutsogolo mungadule pa patapata wakale, ndi kena kakang'ono ka kumcira, pakuti Beaver ikaima pansi imakweza mphuno. Pulopela ikhale ya masamba awiri, yotalika masentimita 5 ndi pang'ono, masamba ace opotoka, yomangidwa ndi kaphini kuti izizungulira. Polumikiza funani guluu wa akalipentala. Ulimbo wa mbalame suyenera, cifukwa suuma ndipo umakola fumbi. Guluu asanaume, ikani kandege pa thebulo, muunamire ndi kukayang'ana ca kumaso ndi diso limodzi. Yesani ndi rula kucokera pa thebulo kufika ku nsonga ya phiko la kumanja, kenaka la kumanzere. Ngati miyeso isiyana, konzani pomwepo.

Kutsiriza ndiko kumatenga masiku ambiri, ndipo ine ndiona kuti apa ndipo mmisiri amadziwika. Ndege yeni-yeni iri ndi khungu la citsulo copepuka, lopanda mitsempha ya mtengo. Cotero kwecani ndi sandipepa wokhakhala, kenaka wosalala, motsata mitsempha. M'ming'alu muikemo guluu wosakaniza ndi utuci wa mtengo womwewo. Pakani utoto woyera wosungunula bwino, dikirani tsiku lathunthu, kwecaninso. Utoto woyambawu udzaulula zipsera zimene simunazione, ndipo mudzada nkhawa. Kwecani ndi kupakanso kawiri kapena katatu kufikira cala cikatsetsereka osamva kanthu. Musathire utoto wambiri nthawi imodzi pofuna kufulumira. Kumbukirani masamu aja: utoto wokhuthala milimita imodzi uli ngati matope a masentimita 5 omatidwa pa ndege yonse. Ndiponso musapake panja tsiku la mphepo, makamaka mu August ndi September pamene fumbi licuruka.

Utoto utauma, lembani zitseko ndi mizere ya tizigawo togwedezeka ta kumbuyo kwa mapiko ndi pensulo yosongoka, rula iri m'manja. Mazenera mungajambule ndi utoto wakuda wonyezimira. Pa nsonga ya phiko la kumanzere ikani kadontho kofiira, pa la kumanja kobiriwira. Ndizo nyali zimene zidziwitsa oyendetsa ena usiku kumene ndege iri kuloza. Ndege iri yonse iri ndi zilembo za dziko lace: za ku Zambia ziyamba ndi 9J, za ku Malawi ziyamba ndi 7Q. Koperani zilembozo monga ziri pa cithunzi canu, ndipo musaonjeze maluwa kapena dzina lanu pa mapiko. Dzina lanu ndi muyeso wa 1:48 zilembedwe pa kathabwa koimikapo kandegeko.

Amene atsiriza Beaver ayese DC-3, ya injini ziwiri, imene inauluka koyamba m'caka ca 1935. Mapiko ace ndi mapazi 95. Werengani m'makope mwanu kuti pa muyeso womwewo kandege kace kadzafuna marula angati, ndipo muone ngati thabwa limene muli nalo likwanira.